Sikopu ya a Cornelio ndi Gwape wa Ukwati

Aliyense ali ndi nthenda yake, koma ya alamu anga, malemu a Cornelio, inalibe mankhwala ngakhale kuchipatala cha Beaumont komwe mkazi wawo Julia, mlongo wanga, amagwira unamwino. Nthendayo inali sikopu. Ana inu obadwira kuno ku Ireland, sikopu ndi kachitoliro ka magalasi kamene amamanga pamwamba pa mfuti kuti nyama ya kutali ioneke ngati yakukhalira pamiyendo. Alamu anga anakhala akusankha kachitoliro kameneka zaka naini, ndipo zaka zonsezo mfuti analibe. Ngakhale legeni.

"Mfuti n'chitsulo chabe, alamu," ankatero. "Mlenje ndi diso."

"Ndiye mukugula goli ng'ombe mulibe?"

"Ng'ombe zili mbwee. Goli labwino ndiye losowa."

Ntchito yawo inali yaulonda pamalo oimika magalimoto ku eyapoti, koma Loweruka linali lopatulika. Ankakwera mabasi awiri kupita kusitolo ina ya alenje kunja kwa tauni. Mwini sitoloyo, mzungu wofatsa dzina lake Jared, anayamba kuwathandiza ali ndi tsitsi lodzaza mutu. Pofika tsiku logula anali ndi dazi lowala ngati mbale yotsuka. A Cornelio ankatenga sikopu imodziimodzi n'kuiloza pawindo, pomwe panali khwangwala wokonda kutera padenga la tchalitchi cha tsidya la msewu.

"Iyi ndi yabodza. Khwangwala uja si wonenepa chonchi."

Jared ankatulutsa ina.

"Iyi kamtanda kake kolozera n'konenepa. Kangabise gwape yense ndi apongozi ake omwe."

Ina.

"Iyi ikangoona mvula ya kuno idzayamba kulira misozi m'kati. Ndaionera m'maso."

Khwangwala uja anakalamba, anafa, ntchito inagwera adzukulu ake, alamu anga akadasankha.

Ndiye panali kuyeza mtunda. Chilichonse choyenda chinali ndi mamita ake. Tsiku lina pa Misa, bambo mfumu ali mkati mwa ulaliki, ndinawamva akunong'ona, diso limodzi atatsinzina: "Forty-two meters. Mphepo palibe."

Julia anawatsina pantchafu. "Abambo a Towera, mukuwombera ansembe m'tchalitchi?"

"Sindikuwombera, mayi. Ndikungoyeza."

Ukawafunsa kuti luso lotere analitenga kuti, nkhani inkathawira ku Kasungu. Kumeneko, akuti, anawomberapo ngoma ili kutali kwambiri moti mfuti inalira Lachisanu, nyama n'kugwa Loweruka, ndipo kukaitola anachita kukwera basi. Chaka chilichonse ngomayo inkasunthira kutali. Nthawi yomaliza imene ndinamva, inali itadutsa malire a Zambia ndipo panafunika pasipoti.

Tonse tinkaseka n'kuwasiya, pakuti nkhani sidya ndiwo za munthu. Amene anaononga mtendere ndi a Kanyanta.

Towera, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapeza mnyamata, Ricky, mwana wa a Kanyanta a ku Kitwe omwe amayendetsa basi muno mu Dublin. Tinakumana mu Malichi kunyumba kwa a Cornelio ku Blanchardstown, ine ngati nkhoswe ya kuchikazi. Kumudzi makolo sakhala nawo pa zokambirana zoterezi, koma kuno abale ndi ochepa, ndiye aliyense wokhala ndi mpando amakhala. Zonse zinayenda bwino mpaka tinafika pa chakudya. A Kanyanta anatsamira, n'kuphatikiza manja pamimba.

"Ba Cornelio, ise tamvela maningi za ulenje wanu. Manje pa ukwati tizadya chani? Nkhuku za mu shopu monga anthu onse?"

Alamu anga anamva mawuwo akulowa ngati munga wa mthethe. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukweza dzanja lamanja.

"Asewere, pa ukwati wa mwana wanga mudzadya gwape wogwa ndi dzanja ili. Ndikalephera, dzina la ulenje mudzandivule pamaso pa anthu ngati jekete yobwereka."

"Daddy, please. Chicken is fine," anatero Towera ali pakhomo la kukhitchini.

Kunali kuchedwa. Dzuwa lisanalowe mawuwo anali pa foni ya Mmalawi aliyense mu Dublin, m'mawa mwake anali ku Kitwe, ndipo azakhali ena a ku Cork anatumiza uthenga kuti awasungire chiwindi. Ukwati unali mu Novembala.

Apa ndiye munthu anathamanga. Kuno sungangonyamula mfuti ngati khasu: pamafunika mwini malo wovomera kuti usake kwake, mayeso, chilolezo, ndi kabati yachitsulo yomwe apolisi amachita kubwera kudzaiona. Mwini malo anapezeka mwa mwayi. A Dalton, mlimi wa nkhosa kumapiri a Wicklow, anagonekedwa m'wodi ya Julia ndi vuto la chiuno, ndipo ankadandaula kuti agwape akuwathera msipu. Agwape a kumeneko si timagwape tathu ta m'munda wa nandolo. Ndi aakulu ngati thole, nyanga ngati mtengo wouma. A Cornelio atapita kukawaona, anayamba nkhani ya ngoma ija, ndipo a Dalton, pokhala sakanatha kuthawa pabedi, anasaina.

Mayeso anakhoza ngati mwana wa sukulu ya mishoni. Mfuti anaisankha m'mphindi zisanu: "Iyo, yaitaliyo." Koma sikopu, abale. Seputembala anatha. Okutobala anatha. Kutatsala milungu iwiri, Julia anavala jasi yake n'kuwaperekeza kusitolo ngati mwana wokana jakisoni.

Jared anaika pa kauntala kasikopu kapakatikati. "Bwenzi langa, tengani iyi. Imakuza mpaka ka twelofu, ndipo n'kokwanira. Ku Wicklow kuli mitengo ndi chifunga. Gwape amakupezani pafupi, simuchita kumufuna kutsidya la nyanja."

A Cornelio sanakayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa chinthu china m'galasi, chachitali ngati mkono, kukamwa kwake ngati kapu ya tiyi, timabatani topotokola pamwamba ndi m'mbali.

"Iyo imakuza kangati?"

"Ka thirty. Koma imeneyo ndi ya anthu owombera phiri lina ali paphiri lina."

"Mwandifotokoza ine ndendende."

"Abambo a Towera, mverani wodziwa," anatero Julia.

"Mayi, mwati ndisankhe. Ndasankha."

Jared anaikulunga msangamsanga. Ena amati anatseka sitolo tsiku lomwelo n'kupita kukapereka Misa yothokoza.

Tinapita kuphiri Lachiwiri, ukwati uli Loweruka. Ine ndinali wonyamula matumba ndi mipeni itatu yonoledwa mpaka kumeta ubweya wa pamkono. Kunja kunali kukungocha, kamvula ka kuno kosagwa kosaleka kakutilowa m'khosi. A Dalton anatigoneka kuseri kwa mpanda wa miyala. Alamu anga anayala mfuti, n'kuloza phiri lina lakutali lomwe linkangooneka nsonga m'chifunga. Ananyambita chala, kuchikweza kumphepo, kupotokola batani, kuwerenga chamumtima. Nkhope yawo inkawala. Zaka naini zinali zitafika pamapeto.

Kenako nthambi inathyoka kumanzere. Gwape wamphongo anatuluka m'mitengo ya paini n'kuima patsogolo pathu, mapazi twente-faifi basi. Ndikanatha kumugenda ndi nsapato.

"Uyo," ananong'ona a Dalton.

A Cornelio anatembenuza mfuti. Anaika diso. Anaona khoma lofiirira, kuyambira kumwamba mpaka pansi.

"Alamu, chotsani jekete yanu patsogolo pa galasi."

"Si jekete, alamu. Ndi gwape."

"Gwape alibe mutu?"

Anasunthira kumanja: ubweya. Kumanzere: ubweya. Mmwamba: thambo. Pansi: ubweya, ndipo pakati pa ubweyawo nkhupakupa. Anandiuza okha pambuyo pake kuti inali yaikazi, yapakati, ndipo inawayang'ana.

"Chepetsani mphamvu," anatero a Dalton ndi mano olumana. "Potokolani chammbuyo."

"Ndinagula ya thirty."

"Bwererani pa faifi."

"Munthu sagula njinga kuti aziikankha."

Sikopu yokuza kwambiri imafuna diso likhale pamalo ake enieni, apo ayi m'mbali mumada bii. Mdimawo utayamba kuwatsekera, alamu anga anasendeza nkhope pafupi, pafupinso, mpaka nsidze inakhudza chitsulo. Mpata wa zala zinayi pakati pa diso ndi galasi womwe iwo eni anatiphunzitsa tonse kwa zaka zambiri unali utaiwalika. Anakoka.

Phiri lonse linayankha. Mfuti inabwerera m'mbuyo monga mwa khalidwe lake, sikopu n'kuwapsompsona pachipumi, alamu anga chagada m'matope. Chipolopolo chinakalowa m'chitsa. Gwape anatiyang'ana mmodzimmodzi, anamaliza kutafuna zomwe zinali m'kamwa, n'kulowa m'mitengo mwaulemu ngati munthu wotuluka m'tchalitchi zolengeza zisanathe.

Kukhitchini kwa a Dalton, tiyi ali patebulo, alamu anga anakhala atagwira thaulo pamphumi. A Dalton anatsegula fuliji yaikulu ya pakona. Munali nyama yodzaza mpaka pakamwa.

"Uyu ndinamuwombera mwezi watha. Tengani yense. Palibe adzadziwe."

Alamu anga anayang'ana nyamayo nthawi yaitali.

"Tengani, alamu," ndinatero. "Ine pakamwa ndatseka."

"Inu? Kutseka pakamwa?" Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "A Fredi, ku Kasungu kuja ine ndinali wonyamula nyama. Mfuti bambo sankalola kuti ndiikhudze. Lero ndiye koyamba."

"Ndiye tengani nyamayi, dzina lipulumuke."

Anapukusa mutu. "Bodza la mlenje limathera m'makutu. Silifika mumphika. Anthu adye bodza pa ukwati wa mwana wanga?"

Tinabwerera ndi matumba opanda kanthu, kudzera kuchipatala komwe anawasoka katatu.

Loweruka holo inadzaza, Amalawi uku, a ku Zambia uko, azakhali a ku Cork atabwera ndi kontena ya chiwindi chawo. Chakudya chinafika: mpunga ndi nkhuku. A Kanyanta ananyamula phiko ndi foloko, kulitembenuza uku ndi uku kuti onse aone.

"Ba Cornelio, agwape ba ku Ireland bali na mapiko?"

Anthu anaseka chamumtima, ena anaweramira m'mbale. Towera anagwira dzanja la mwamuna wake. Alamu anga anadzuka, bandeji ili pamwamba pa diso, n'kutenga maikolofoni.

"Asewere, ndinalonjeza. Gwape kulibe. Dzina lija nali, tengani."

Ndiye anafotokoza zonse, osachotsa kanthu: malangizo a Jared omwe anawakana, khoma la ubweya, nkhupakupa, matope, ngakhale za ku Kasungu zija. Zaka zonse anatiseketsa ndi mabodza, koma tsiku lomwe ananena zoona anthu anagwa m'mipando. Bambo mfumu anachita kuvula magalasi. Julia ankaseka uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo sindikudziwa misozi inali ya mbali iti.

Phokoso litatsika a Kanyanta anaimirira. Za fuliji ya a Dalton anali atazimva kale, pakuti alamu anga sananame za pakamwa panga.

"Dzina ine nakana kulandila. Sembe nenze ine, sembe nabwela na nyama ya mu fuliji na nkhani ya mkango pamwamba. Sungani dzina lanu, asewere. Koma pa Loweruka nizapita naimwe ku sitolo. Tikasankhe ing'ono."

Anapitadi. Ndipo Jared, yemwe ankaganiza kuti wapuma, anapezeka ndi makasitomala awiri osagwirizana pa chilichonse. Zaka zina ziwiri zinapita chomwecho, akuluakulu awiri kukangana m'basi popita ndi pobwera.

Alamu anga anatisiya mu Febuluwale chaka chatha. Mtima. Anali atavala kale jasi, akudikira a Kanyanta pakhomo.

Pa tsiku lachiwiri la maliro, anthu atadzaza m'nyumba mpaka pamasitepe, galimoto yamatope inaima panja. Anatsika a Dalton, chipewa m'manja. Kumbuyo kunali gwape wathunthu, wosendedwa kale.

"Ndi yemwe uja?" ndinafunsa.

"Ndikukhulupirira. Anandiyang'ana mwachipongwe chomwe chija."

Julia anaima pakhomo. "Lowetsani," anatero. "Wokana nyama yanu uja wagona."

Tinadya tonse, Amalawi ndi a ku Zambia. Nyamayo inali yolimba ngati tayala la thirakitala, koma palibe anadandaula. A Kanyanta anatafuna nthuli imodzi nthawi yaitali, kenako anaika mbale pansi n'kutuluka panja opanda jasi.

Mwezi watha anandiimbira kuti ndiwaperekeze kusitolo kuja. Jared atationa anangotulutsa kasikopu kapakatikati kaja n'kukaika pa kauntala. A Kanyanta anayang'anamo, n'kundipatsa. Munali mowala bwino, denga la tsidya likuoneka msomali uliwonse. Tinafunafuna chilema, sitinachipeze. Tinaima pamenepo anthu atatu akuluakulu mpaka a Kanyanta anati basi ikubwera. Tinafika ku Blanchardstown leveni isanakwane, Loweruka lonse lili patsogolo pathu, osadziwa kuti tilitani.