Ndine Ndinawononga Kafukufuku Wanu wa Mafizo, Bwana

Kuseri kwa msika,
Ligowe, Neno.
14 Ogasiti 1996

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe Loona za Umboni wa Miyendo ndi Mikono,
Ku tawuni, komwe kuli ofesi yanu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale simukundiona. Ndine Fletcher Kalisto, mwana wachitatu wa a Gerishon Kalisto, amene m'mabuku mwanu ndi Nambala 23, Gulu B. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, pulayimale yaulere yabwera nditamera kale ndevu, ndiye mukapeza zolakwika musadabwe. Kale kalata ngati iyi sindikanalemba, koma akuti masiku ano ndi a matipate, munthu ukhoza kuthokoza bwana mokweza osamangidwa.

Ndikukumbutseni kaye, poti anthu ngati inu zochita n'zambiri. Chaka chatha bambo anga anagwa m'munda wa kachewere ndi sitiroko, mwendo ndi mkono wakumanja zinafa. Mwezi wotsatira galimoto yanu yoyera inafika ndi Mayi Margret, amafizo, ndipo munamanga kashedi n'kuikamo zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda. Munati mukufuna kudziwa ngati mafizo amathandizadi. Odwala makumi anayi munawagawa pawiri pochita mayere m'chipewa. Gulu A mafizo katatu pa sabata, Gulu B kapepala ndi moni. Bambo anga anatola B. Anatolera dzanja lamanzere, losazolowera, ndiye sindiwaimba mlandu.

Tsono zothokoza zanga ndi izi.

1. Zikomo chifukwa cha kapepala. Kanali kosalala bwino, ka zithunzi za mzungu atagona pa kapeti akukweza mwendo. Bambo sawerenga Chingerezi, kapeti tilibenso, koma anakasunga m'Baibulo ndipo mpaka lero kapepalako sikanadwalepo.

2. Zikomo potiyeza. Miyezi itatu iliyonse anthu anu ankabwera ndi wotchi ndi tepi, kuwayendetsa bambo mamita khumi pa simenti ya m'shedi. Bwana, simenti imeneyo ndi malo okhawo athyathyathya kuchokera pano mpaka ku Lisungwi. Chimbudzi chathu chili kumtunda, chitsime kumunsi, tchalitchi kutsidya kwa khwawa. Koma pa simenti mumayeza bwino, ndavomereza.

3. Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndaona kuti ndiulule ndekha. A Laimoni, oyandikana nawo nyumba, nawonso odwala sitiroko, amene aimba kwaya limodzi ndi bambo kuyambira ine ndisanabadwe, iwo anatola A. Anthu anu anawauza kuti zomwe akuphunzira m'shedi asauze aliyense wa Gulu B, kuopa kusokoneza umboni. A Laimoni anavomera, anadinda ndi chala chomwe. Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe anafika kwathu akukoka mwendo, n'kuti, "Gerishon, dzuka apo, ulesiwu unali nawo kale sitiroko isanabwere. Gwira khomali ndikuonetse zomwe wandizunza nazo mayi uja." Bambo anati iwo ndi a B, saloledwa. A Laimoni anati B ali m'buku la ku tawuni, pakhonde pano akuonapo Gerishon yekha.

Ine ndinaona kuti khoma ligwa. Ndinapita kushedi kwanu ngati wofuna mthunzi, ndinayeza zitsulo zija ndi chingwe, ndinadula mabulugamu awiri n'kukhoma zathu kuseri kwa tchalitchi. Pofika Khirisimasi, Gulu A likachoka kwa Mayi Margret m'mawa, madzulo linkabwera kudzaphunzitsa Gulu B. Wowatuta panjinga ndinali ine, wina kumbuyo, ndodo yake kutsogolo. Amayi a kutchalitchi ndiwo ankawerengera, wani, thuu, fili, wina akafuna kuba pa seveni ankamuyambitsanso. Palibe ankaona ngati tikulakwa. Kuno munthu akalandira mankhwala a chifuwa, theka amagawira mnzake wotsokomola. Ndiye mumati mwendo aubise bwanji, eti, chinthu choti chimaonekera poyenda?

Mayi Margret sitinawauze. Ankangodabwa pa tsiku loyeza kuti a B akukweza bondo ndendende mmene iwo amaphunzitsira, ndi kawerengedwe komwe.

4. Zikomo kwambiri chifukwa cha lipoti. Mu Juni munatuma bambo wina wa taye kudzatiwerengera m'shedi momwemo. Anati Gulu A layenda bwino, Gulu B nalonso layenda bwino chimodzimodzi, choncho palibe umboni woti mafizo amathandiza, anthu amangochira okha. Tinaomba m'manja, poti anali mlendo. Bambo anga, amene anafika pamsonkhanowo ndi miyendo yawo, kuwoloka khwawa ndi ndodo yokha, anamva tsiku limenelo kuti anachira ndi kapepala. A Laimoni anafuna kuimika dzanja koma anakumbukira chala chomwe anadinda chija, anaopa kuti awatengera kupolisi. Ine ndinaimika. Wa taye anati mafunso onse alembedwe. Ndiye ndi amenewa.

5. Sabata yotsatira galimoto yoyera inabwera kudzazula zitsulo, ndipo Mayi Margret munawasamutsira kwina, kaya ndi komwe kuli umboni. M'shedimo pano mukugona mbuzi. Zikuyenda bwino pa simenti, mukafuna kudzayeza.

Tsono Bwana, nkhani ili pa mkono. Kafukufuku wanu anali wa miyendo, za mikono ndi zala munati zidzabwera pa gawo lachiwiri. Gawo lachiwirilo ndi lomwe lipoti lapha. A Laimoni za mkono sanaphunzire, ndiye tilibe pobera. Dzanja la bambo likupindika, zala zikulowa m'kati ngati afumbata njere yoti wina asaione. Mu Epulo powasambitsa ndinkatha kuziwongola zonse zisanu. Lero ndikuwongola zitatu, nazonso akukukuta mano. Ndayesa kukoka ndekha monga ndimawongolera sipoko ya njinga, koma ndikuopa kuthyola. Munthu amene ankasenza yekha thumba la kachewere, lero mabatani a malaya amawamangira amayi, iwo n'kumayang'ana kudenga mpaka amalize. Mayi Margret ananenapo kuti dzanja likauma nthawi yaitali silibwereranso. Kaya zimenezo zili ndi umboni, ine sindidziwa, ndikungoona zala.

Lipoti lanu sindikulitsutsa ayi, ndine yani ine wa Sitandade 6. Masamu anu ndi olondola, olakwika ndi anthu. Choncho modzichepetsa kwambiri ndikupempha kuti mutsegule buku lanu mulembe kuti Gulu B kuno kunalibe. Onse anali A, ena am'mawa, ena amadzulo, ndipo wowononga ndi Fletcher Kalisto. Ngati pali chilango ndilipo, mukafika pamsika mungofunsa wa njinga yopanda madigadi. Zitsulo zanu sungani, zathu za bulugamu zikadali zolimba. Mungotibwezera Mayi Margret basi, ngakhale kamodzi pa mwezi, ngakhale aziphunzitsa munthu mmodzi yekha wotola m'chipewa. Enafe tidziwa chochita.

Ndipo mukadzafunanso Gulu B lenileni, ndi Gulu A la anthu otha kuona mnzawo akukwawa iwo n'kusunga chinsinsi, kuno musadzataye mafuta a galimoto. Mudzayambe mwayang'ana kufupi ndi ofesi.

Bambo apereka moni. Ndinawapempha kuti asayine nawo pansipa, koma cholembera chikukana kulowa m'dzanja. Poyankha musathamange, Bwana, tikudziwa kuti ndinu otanganidwa. Zala zatsala zitatu.

Ine wanu wogwadabe,

Fletcher Kalisto,
mwana wa Nambala 23, Gulu B m'buku, Gulu A madzulo.