Nyumba ya Bambo Jasei ku Inhambane

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo inu a Yotamu, akamwini anga, mutchere khutu chifukwa mwandiputa ndinu. Sabata yamawa mukunyamuka ndi Mwatitha, mwana wa mlongo wanga, kukakhala ku Beira. Ndakufunsani ngati mwayamba kuphunzira Chipwitikizi, inu mwangoti, "Zimenezo ndadziwa kale, malume." Kokani mpando. Iwe Mwatitha, usaseke, nawenso umve.

Kunali munthu wina wa kwathu kuno ku Ntcheu, dzina lake Damiyano, makaniko wa manja abwino. Anapeza ntchito yokonza makina ofinyira mafuta a kokonati ku Inhambane, kutali kunyanja ya mchere, kumene Chichewa ukachilankhula umangodzimvera wekha. Anapita ndi mkazi wake Rufina, mayi wamfupi, wosachita manyazi kufunsa.

M'basi Damiyano anatsegula kabuku ka Chipwitikizi. Anaona kuti sapato ndi nsapato, batata ndi mbatata, carta ndi kalata. Anawerenganso manambala mpaka pa handiredi, amene iwo amati cem, basi n'kutseka buku.

"Mayi, chilankhulo ichi n'Chichewa chomwe, angochipotoza mlomo," anatero. "Zotsalazo ndikakuphunzitsani ndine."

Atafika, anatolanso mawu ena kwa bwana wake: já sei, ndiye kuti ndadziwa kale. Mawu amenewa anamukomera ngati nzimbe. Munthu akangoyamba kumulongosolera kanthu, iye ankadula ndi dzanja, "Já sei, já sei!" Mwezi usanathe, dera lonse linkamutchula kuti Bambo Jasei, iye n'kumayesa ulemu.

Rufina anayamba kukazinga mandasi pamsika. Ankaloza chinthu chilichonse n'kufunsa amayi anzake dzina lake, anyezi, sefa, ngakhale ntchentche. Akalakwitsa, amayiwo ankaseka mpaka kugwira nthiti, iye n'kuseka nawo, kenako n'kubwereza mpaka lilime litawongoka. Damiyano zinkamunyansa.

"Mukutichotsa ulemu, mayi. Mkazi wa makaniko angamafunse dzina la phwetekere?"

Tsopano pali msampha m'Chipwitikizi. Mawu akuti cem, handiredi, ali ndi mnzake sem, kutanthauza kuti popanda. Polemba amasiyana, koma pakamwa ndi amodzi. Damiyano ankadziwa wa handiredi yekhayo, ndipo popeza kusukulu handiredi ndiye malikisi apamwamba, anagamula yekha kuti chilichonse cha sem n'chapamwamba.

Tsiku lina analowa m'kanyumba ka tiyi ndi mkazi wake. Mayi wogulitsa anafunsa, "Com açúcar ou sem açúcar?" Ndiye kuti, wa shuga kapena wopanda shuga.

"Sem açúcar!" anatero Damiyano, chifuwa patsogolo, akudikira phiri la shuga.

Tiyi anabwera wowawa ngati mankhwala a malungo. Anamwa, nkhope n'kukwinyika.

"Bambo, mawu amenewo atanthauza kuti..." anayamba Rufina.

"Já sei! Mabwana kuno amamwa chonchi."

Kuyambira tsikulo anamwa tiyi wopanda shuga miyezi isanu ndi itatu, munthu amene kwawo ankathira masipuni anayi.

Kenako Rufina anaima. Mwini kachipinda kamene ankakhalamo anawauza kuti mvula isanayambe atuluke, mwana wake akukwatira. Damiyano anapeza malo pakati pa mitengo ya kokonati nalumbira pamaso pa mkazi wake kuti mwana wawo adzabadwira m'nyumba yawoyawo. Analumbira ndi mtima wonse, pamenepo sitingamunamizire. Koma anamuletsa kupondako.

"Zomangamanga n'za amuna. Inu mudzangoona tsiku lolowa."

Anaitana mmisiri wina wachikulire, a Zacarias, munthu waulemu wosakonda mikangano. Analemberana pamchenga zipinda ziwiri ndi pabalaza, manja akuthandiza pamene pakamwa palephera. Kenako mmisiri anafunsa kuti porta, ndilo khomo, likhale mbali iti. Damiyano mawu a porta ankawadziwa, ndipo ankalota chitseko cha mlombwa chozokota, cha handiredi, choti odutsa aziima.

"Sem porta!" anatero.

Mmisiri anavula chipewa. "Sem porta, patrão?" Ndiye kuti, popanda khomo, bwana?

"Sem porta! Mawindonso, sem janela!"

A Zacarias anayesa kulongosola. Anayenda pamchenga paja ngati munthu wolowa m'nyumba, n'kudzigunda dala mphumi pakhoma losaoneka. Damiyano anayesa kuti akumusonyeza kulimba kwa chitseko.

"Já sei, já sei! Mangani!"

Anafunsidwa katatu, anayankha katatu. M'mawa mwake kampani inamutuma ku Quelimane kukakonza makina masabata anayi. Mmisiri anaganiza kuti mwina kwa Amalawi ndi mwambo, mwinanso bwanayo akufuna thanki yosungira madzi a mvula yokhala ndi zipinda. Anamanga bwino ndithu, pulasitala wosalala, tizibowo ta mpweya m'mwamba, ndipo anasiya lata limodzi losakhoma pamene ankatulukira ndi makwerero.

Damiyano anabwerera tsiku lomwelo loti atuluke m'kachipinda, kumwamba kutada bii. Anakweza katundu pangolo, Rufina pamwamba pa matiresi ndi mimba yake, amayi apamsika akuperekeza ndi nyimbo. Atafika, nyumba inali mbuu, yokongola. Damiyano anatsogola ndi loko watsopano m'manja.

"Khomo lili kuseri," anatero.

Anazungulira onse. Kuseri kunali khoma. Anazunguliranso, nyimbo ikuchepa. Ulendo wachitatu anazungulira yekha, akugogoda khoma ndi loko uja.

"Mwina limatsekulira m'kati," anatero, thukuta lili kamukamu.

Anakwera makwerero, anasuntha lata lija, n'kudumphira m'kati. Ndinangogwa kuti phi! Pepani, anangogwa kuti phi! Makwerero anatsala kunja, khoma linali lalitali, ndipo madontho oyamba anayamba kugunda malata. Munthu anali m'nyumba yake, mkazi wake ndi katundu ali pamvula.

Apa ndi pamene Rufina anatsika pangolo. Anatuma munthu kukaitana a Zacarias, ndipo atafika analankhula nawo Chipwitikizi choyenda ngati madzi a mumpopi, chopanda chibwibwi. Anapereka moni, anayamikira pulasitala, anapepesa, n'kulongosola za mapasa aja, cem ndi sem. Amayi apamsika anaseka mpaka ena kukhala pansi m'matope, koma akuloza Rufina n'kumati ameneyu ndi wathu, tinamuphunzitsa ife. Ndikakumbukira mawu ake tsiku limenelo, mtima wanga umadzaza mpaka lero. Mkazi wa mandasi, wa sitandade faifi!

Mmisiri anapukuta misozi ya kuseka, koma anakana kugwira hamala. Anati bwana analamula katatu, ndiye khoma saliboola pokhapokha bwana yemweyo alamule ndi pakamwa pake.

Rufina anaima pansi pa kabowo ka mpweya.

"Bambo, muli moyo?"

"Ndili moyo. Bondo lokha."

"Nenani zimene ndinene. Não sei."

Mvula inkakula. Kenako kunatuluka mawu aang'ono, ngati a mwana wa mbuzi.

"Mayi, kodi zimenezo zitanthauza chiyani?"

Limenelo linali funso loyamba limene munthu uja anafunsa chidutsire malire a dziko.

"Zitanthauza kuti sindikudziwa."

"Anthu alipo ambiri kunjako?"

"Msika wonse, bambo. Ndipo ine ndikunyowa, mwana wanunso akunyowa."

Pamenepo Damiyano anakuwa mpaka malata ananjenjemera: "Não sei! Não sei! Com porta, por favor!" Ndiye kuti, sindikudziwa, ikani khomo, chonde.

Hamala inalira. Njerwa zitagwa, munatuluka mutu woyera ndi fumbi, amayi n'kuyamba nthungululu ngati watuluka ku chinamwali. Rufina sananene kuti ndinakuuzani. Anangomupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa pabowolo choweramira, n'kuyamba kuloza poika bedi. A Zacarias anamwa nawo tiyi madzulo amenewo, ndipo Damiyano anapempha yekha, com açúcar, masipuni anayi.

Anakhala kumeneko zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Madzulo alionse akaweruka, makaniko ankakhala pakhonde ndi kope, mkazi wake akumuphunzitsa mawu asanu. Pomaliza ankatanthauzira alendo kukampani, ndipo akamufunsa kumene anaphunzira, ankayankha mosabisa kuti kwa mayi a kunyumba. Mwana uja anabadwiradi m'nyumbamo patatha masabata atatu, chitseko chikadali chiguduli.

Iwe Mwatitha, wayamba kundiyang'ana bondo bwanji? Unkayesa msuweni wako Tsegulani dzina limenelo analitola kuti? Pita kukhitchini ukafunse azakhali ako a Rufina, koma ufunse m'Chipwitikizi, akakukonze.

Ndiye inu akamwini, mukafika ku Beira, mawu oyamba kuphunzira akhale não sei, ndipo mwana wathuyu akafunsa dzina la phwetekere pamsika, muzimunyamulira dengu. Amalawi anzathu amene ankagwira ntchito kumeneko ndi amene anabwera nayo nkhaniyi kuno ine ndisanafike, ndipo pokwerera basi pa Ntcheu ndinapeza anthu osandidziwa akuuzana kale kuti: Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.