Mbala yomaliza imene Bazuka anagwira

Ine Zuze wa ku Nsanje, munthu amene ndinalondera theka la Blantyre ndekha ndi chibonga chimodzi, lero ndikamadutsa pa msika wa Zingwangwa amayi a tomato akumakuwa kuti "Madala Sopo, mwadzuka?" Mukuseka eti? Sekani, koma mumve kaye mmene zinayendera, chifukwa ine mkwiyo wake udakali pakhosi.

Ntchito ya ulonda ndinayamba phiri la Soche lili chulu. Zaka zomalizira kampani yathu inandipatsa galu, dzina lake Bazuka, wa mtundu wa apolisi uja wa makutu oimirira, ndipo anaphunzira sukulu imodzi ndi agalu a polisiwo, kungoti iye ankakhala nambala wani. Anatiika pa geti la nyumba yosungiramo sopo. Ikakwana nthawi yoweruka antchito amaima pamzere, ine n'kungoti "Saka!" Bazuka samauwa, samaluma. Amanunkhiza mmodzimmodzi, akafika pa amene wabisa sopo amangokhala tsonga patsogolo pake n'kumamuyang'ana m'maso ngati abusa. Basi, mlandu watha. Anthu anabisapo sopo m'sokosi, m'kati mwa buledi, m'tayala la njinga, koma wapi! Tsiku lina anagwira munthu amene anangolota akuba sopo, ndipo munthuyo anavomera.

Titakalamba, ine ndi Bazuka anatipumitsa ntchito tsiku limodzi. Ine anandipatsa wotchi ya pakhoma imene inafa isanafike kunyumba. Bazuka anamupatsa ine. "Mutengeni madala, mumazolowerana." Palibe anatchulapo za chakudya, pamene chigalucho chimadya ngati adzukulu atatu okumba manda. Ndinangoti chabwino, mnzako wa pa ntchito sungamutaye.

Chaka chino miyendo yakumbuyo ya Bazuka inayamba kukana, kenako pa ntchafu panatuluka chotupa chimene chinaphulika n'kusanduka chilonda. A landilodi anatinyamula pa galimoto yawo mpaka kwa adokotala a ziweto ku Nyambadwe. Adokotala anamuyeza bwinobwino, anati pakufunika opaleshoni, ndiye mankhwala mwezi ndi mwezi, komanso ndizitsuka chilondacho ndi sopo kawiri pa tsiku. Atatchula mtengo ndinagwira khoma. Ndalama imeneyo kwathu kuchigwa umalowola nayo mkazi, n'kutsalako yogula ngolo ndi abulu ake.

"Ngati sizingatheke, bambo," anatero adokotala, "pali jakisoni woti angogona osadzukanso. Koma musapitirire Lachisanu, akuvutika."

Jakisoni! Msilikali ngati ameneyu!

Kunyumba mayi a Joni, akazi anga, sanachedwe. "Galu wa kampani, matenda a kampani. Inu mankhwala anu a bipi mukumwa theka la piritsi, ndiye mukagulitse chiyani, ine?"

Ndipo ananena zoona, ngakhale sindinawauze. Tandiuzani inuyo, amene ayenera kulipira ndani? Amene anadya mphamvu zake, kapena amene anatsala ndi mafupa ake? Sopo amene Bazuka anapulumutsa akanatha kusambitsa anthu onse a ku Ndirande mpaka atayera ngati azungu. Phindu linapita kwa eni ake, chilonda chabwera kwa Zuze. Zimenezo ndi zoona? Ndinalumbira kuti Lolemba ndikawagwedeza ku ofesi kwawo ku Ginnery Corner, galu ali pomwepo, amuyang'ane m'maso.

Lolemba ndinavala yunifolomu yanga yakale ndi chipewa chake. Mabatani awiri apamimba anakana kugwirizana, ndinawasiya. Pa siteji ndinamunyamula Bazuka kuti tikwere minibasi, anthu onse anatuluka, ena pazenera. Kondakitala akuti, "Madala, mwandithamangitsira ndalama! Chilombo chimenechi mipando inayi, apo ayi kakwereni ndege."

"Iwe, galu ameneyu anagwira ntchito yoposa ya bambo ako!"

"Ndiye akanagula galimoto yake."

Ndinabwerera, kukabwereka wilibala kwa a neba, kuyalamo chiguduli, kumukweza bwana. Kuchoka ku Zingwangwa, kudutsa Naperi, dzuwa lili pamutu, ine ndikukankha, Bazuka ali phee ngati nduna ikuyendera chitukuko. A kabaza akuimba belu, wina akufunsa kuti kilo ndi zingati. Pa mtsetse wina wilibala inathamanga kuposa ine, ndinaigwira ndi mphamvu za anthu khumi, koma Bazuka ndi mantha anamasula m'mimba. Zonse pa thalauza langa, pa manja, mpaka pa baji ya kampani.

Ndinalowa mu ofesi fungo litatsogola. Mtsikana wa pa risepushoni anatseka mphuno ndi faelo. "Agogo, a madamu ali pa mitingi. Kasambeni kaye uko, chonde."

M'chimbudzi chawo, abale, mungadyeremo. Ndipo pa sinki panali sopo, watsopano, wobiriwira, wonenepa, wa mtundu womwe uja tinkalondera. Ndinatsuka manja, ndinapukuta thalauza, kenako ndinamuyang'ana sopo uja, iye n'kundiyang'ananso. Ndinakumbukira mawu a adokotala, kawiri pa tsiku, pamene kunyumba katsala kachidutswa kooneka kuseri. Mtima unati, Zuze, uku si kuba, iyi ndi penshoni ya Bazuka, gawo loyamba. M'thumba munali mobooka. Ndinavula chipewa, kumuika pa dazi ali chinyowere, kuvalanso. Ine! Munthu amene sindinatengepo ngakhale machesi a kampani!

Atandiitana a madamu oyang'anira antchito, mwana wamng'ono woti ngakhale nsapato zanga zimamuposa zaka, ndinalowa ndi wilibala yomwe. Ndinayamba bwino. Ndinafotokoza za mbala mazana asanu ndi awiri, za tsiku limene ine ndi Bazuka tinathamangitsa lole ndi miyendo mpaka ku Lunzu. Koma mu ofesimo munkatentha, thukuta linayamba, ndipo thukuta likakumana ndi sopo mukudziwa chimene chimabadwa. Thovu linatsika pachipumi, kulowa m'maso. Kuwawa kwake ngati tsabola wa kambuzi. Misozi mbwee!

"Musalire bambo Zuze," anatero a madamu, akundipatsa tishu. "Ndikumvetsa. Koma pa malamulo athu galu ali ngati tochi kapena njinga. Akatha ntchito timamuchotsa m'buku. Ameneyu ndi wanu tsopano. Komanso tinene zoona, wakalamba, palibe chimene angathenso."

Tochi! Apa ndiye magazi anawira, ndipo munthu ukakwiya nzeru zimatuluka kukadikira panja. Ndinaiwala zonse, ngakhale chimene chinkandiwawa m'maso. Ndinamenya tebulo.

"Tochi inagwirapo mbala? Itanani anthu anu onse aime pamzere! Galu uyu sanalakwitsepo chibadwire. Akakhala patsogolo pa munthu, ameneyo ndi mbala, kaya wavala taye, kaya ndi mkulu wa mpingo, mumangeni! Akalephera, ndikamubayitsa ndekha jakisoni lero lomwe!"

A madamu, kaya pofuna kuti ndichoke msanga, anavomera. Anaima pakhonde anthu asanu ndi atatu, kuphatikizapo a akauntanti, mtsikana uja, mayi wophika tiyi, ndi a Sajeni Bizeki, kapitawo wa alonda amene ndinagwira nawo ntchito kale. Ndinamutsitsa Bazuka. Ndinaima njo, chifuwa patsogolo.

"Saka!"

Abale, makutu aja anaimirira. Galu woti kunyumba amalephera kufika pa mbale yake anadzikoka, miyendo ikukwekwereza pansi, mphuno ikugwira ntchito ngati pampu. Woyamba, wadutsa. Wachiwiri, wadutsa. Pa a akauntanti anachedwapo, mtima wanga n'kuti eya, lero tidya nyama, koma anangoyetsemula n'kupitirira. Anamaliza mzere wonse. Anakweza mphuno m'mwamba. Anatembenuka. Anabwera pang'onopang'ono, n'kudzakhala tsonga patsogolo panga, maso ali pa chipewa.

Onse pamzere anatembenukira kwa ine.

Ndinasuntha chammbali ngati ndikumupatsa njira. Anadzikoka, n'kukhalanso tsonga. Ndinanong'ona, "Bazuka, ndine. Ndine wa mafupa uja. Ndakukankha kuchokera ku Zingwangwa, galu iwe." Iye phee, maso a abusa aja.

"Mwaona bambo Zuze?" anatero a madamu mwachifundo. "Mutu wake wasokonezeka, akugwira mwini wake. Mwanena nokha za jakisoni. Mwina n'kumuchitira chifundo."

Ndiye taimani pamene ndinaima ine. Ndikati galu walakwitsa, dzina langa latsala loyera, koma Lachisanu Bazuka kulibe, ndipo afa akutchedwa wamisala. Ndikati galu walondola, ndiye kuti mbala ndi ndani? Ndinamuyang'ana. Miyendo ikunjenjemera ndi ululu koma sakugona pansi, akudikira kuti ntchito ithe monga tinkachitira.

Ndinachita sailuti. Ndinavula chipewa.

Sopo anatsetsereka pa dazi, kugunda mphuno, kugwa pansi, n'kuyenda yekha pa simenti mpaka kukaima pa nsapato ya a madamu. Mutu wanga uli thovu lokhalokha ngati mowa wa masese.

"Galu sanalakwitse," ndinatero. "Sanalakwitsepo."

Kuseka kumene kunabuka anakumva ku Limbe. Mayi wa tiyi anakhala pansi. A akauntanti anagwira khoma. Mtsikana uja anatulutsa foni, ndiye mukudziwa mmene Zingwangwa inadziwira ine ndisanafike. A Sajeni Bizeki, akupukuta misozi, anati, "Madamu, lamulo lakale lija sitinalifufute. Galu akagwira mbala pa malo a kampani, mlonda wa galuyo amalandira mphotho."

A madamu anaseka mpaka kutsokomola, kenako anaitanitsa fomu. Ine sukulu ndinangoiona pazenera, ndiye ankawerenga okha.

"Dzina la mlonda wogwira galu?"

"Zuze."

"Dzina la mbala?"

"Lembani lomwelo, musandifunse kawiri."

Ndinadinda chala pamwamba, ndinadinda chala pansi. Chala chimodzi, milandu iwiri. Pa mphothoyo a madamu anawonjezerapo, akuti chifukwa sanasekepo chotere chilowereni ntchito, ndipo anaimbira okha adokotala. Lachitatu Bazuka anachitidwa opaleshoni. Pano akuyenda, motsimphina koma akuyenda.

Musaganize kuti mtima wanga wagwa. Mankhwala a mwezi ndi mwezi akadali pamutu panga, ndipo ndikufunsabe, galu wogwira ntchito moyo wake wonse mpaka mbuye wake akabe sopo kuti aonane ndi dokotala? Nanga anzake amene ambuye awo alibe luso langa? Ndipo sopo uja, mukudziwa, anamulanda. Akuti ndi umboni.

Mayi a Joni tsopano akamapita kubafa amadutsa dala pamaso panga, sopo atamugwira ndi manja awiri, akuti, "Bazuka, yang'anira bwino, m'nyumba muno muli anthu a mbiri." Ine ndalumbira pa manda a bambo anga ku Nsanje: sindidzalowanso m'chimbudzi cha mu ofesi, ngakhale m'mimba mutabangula bwanji. Ndipo ngati Satana adzandiyesenso, wapolisiyo ndidzayamba ndamusiya kunyumba.