Mapu a Katemera Amene Sindinamalize

Lolemba

Ntchito yatsopano yandigwera. A Mbewe, bwana wathu ku ofesi ya zaumoyo, andiitana m'mawa. Akuti pofika Lachisanu akufuna mapu a makiliniki onse omwe si aboma pa tauni yathu ino, ndipo pa iliyonse ndilembe ngati amabaya ana katemera kapena ayi. Chifukwa chake n'chakuti tauni yakula, nyumba zikumera ngati bowa, koma pa sikelo yathu ana sakuchuluka. Akuluakulu akuganiza kuti mwina amayi akupita ku zipatala zolipira. Iwo aganiza ndi mutu, ine ndikatsirize ndi miyendo.

Zimene andipatsa:
- foni yaikulu yolembera malo, yosweka pakona
- mafomu makumi awiri
- mapu akale, ojambulidwa pano pali magolosale asanu, chigayo chimodzi ndi mtengo wa mkuyu
- mawu akuti "timakudalirani, mayi"

Chimene sanandipatse: njinga. Ilipo, koma tayala lake likudikira kuti wina asaine.

Komabe mtima uli m'malo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili mlangizi wa zaumoyo. Ndinayambira m'mapiri a ku Ntchisi, kukwera zitunda bokosi la katemera lili pamutu, mvula ili kumsana. Ndiye katauni kathyathyathya aka kandilepheretse? Ndakagawa: Lachiwiri kumsika, Lachitatu kutsidya kwa mtsinje, Lachinayi kumsewu wa ku Chisepo, Lachisanu kukopera zonse mwaukhondo. Ndagula mapensulo awiri ndi chofufutira. Anzanga mu ofesi akundiyang'ana ngati munthu wopita kukatunga madzi ndi dengu. Nsanje basi.

Lachiwiri

Ndavala yunifolomu yosita bwino. Kulakwa koyamba.

Kiliniki yoyamba, kuseri kwa ogulitsa malata. Mayi wolandira odwala wandiona ndikubwera, watseka zenera, kenako chitseko. Ndikugogoda. Mawu m'kati: "Adokotala apita kumaliro."

Yachiwiri, pafupi ndi siteji ya minibasi: adokotala apita kumaliro.

Yachitatu: kumaliro.

Kaya wamwalirayo ndani, koma ndi munthu wodala. Madokotala onse a pa tauni akumuperekeza.

Bambo wina wakabaza ndiye wandiuza zoona. Mbiri yafala kuti kwabwera mayi wa boma wodzatseka zipatala. Ine! Munthu wolephera kutseka ngakhale khola la nkhuku zanga.

Funso lina landivuta: kiliniki n'chiyani kwenikweni? Pali golosale ina, kutsogolo sopo ndi shuga, kuseri kwa katani bedi ndi jekeseni. Ndilembe kapena ndisalembe? Ndaimbira a Mbewe. Ali pa msonkhano.

Mmodzi yekha wandilandira, a Chimwaza, mkulu amene anapuma ntchito m'chipatala cha boma n'kutsegula kakiliniki kawo. Pamalo paukhondo. Mpando andipatsa, madzi andipatsa. Katemera sabaya. Furiji ali nayo, ya sola, yabwino kuposa yathu. Akuti analemba makalata atatu ku ofesi kwathu kupempha kuti aziwapatsa katemera, iwo azibaya ana kwaulere, koma yankho silinabwere. Andionetsa makope ake, osungidwa bwino m'faelo. Andifunsa ngati fomu yangayi ndiye yankho lija. Ndayang'ana pansi.

Foni nayo! Ndikadina kuti ilembe pamene ndaima, kadontho kakugwera pakati pa dambo. Malinga ndi foniyi, a Chimwaza amachiza achule.

Zapezeka lero: kiliniki imodzi, maliro atatu, thuza limodzi kuchidendene.

Lachitatu

Lero chitenje ndi bulauzi, ngati wopita kuchigayo. Magalasi ndavula, mafomu ndabisa m'jumbo.

Kutsidya kwa mtsinje. Pa mapu a ku ofesi pajambulidwa munda wa fodya. Maso anga akuona nyumba zosawerengeka, zina zofolera theka, mauvuni a njerwa akufuka utsi, matchalitchi atatu a m'tenti. Msewu palibe, tinjira tokhatokha, tina tothera pa chimbudzi cha munthu. Dzina la malowa wina akuti Kumauvuni, wina Nyumba Zatsopano, wina akuti "kuno basi". Fomu ikufuna dzina limodzi. Dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka m'mano.

Ndapeza! Nyumba ya penti yobiriwira, pakhoma alemba zilembo zazikulu kuti katemera wa ana alipo. Pakhonde amayi asanu, ana ali kumbuyo. Ndakhala nawo pa benchi ngati mnzawo. Mayi wina, wosamuka ku Chisepo chaka chatha, akundilangiza kuti ndizibwera ndi adzukulu anga kuno. Mzere palibe, amatsegula mpaka madzulo, ndiponso "sakalipa ngati a ku sikelo aja, makamaka wamtali uja wa magalasi." Ndavomera kuti inde, ameneyo ngovuta.

M'kati muli bambo wa gauni yoyera, dzina sanena. Ndapempha kuona furiji. Magetsi anazima dzulo, yafunda ngati m'khwapa. Zili m'menemo:
- mabotolo a zakumwa
- nkhuku yososola
- tomato
- katemera ngakhale kabotolo kamodzi, ayi

Ndafunsa chimene akubaya anawo. Akuti "jekeseni ya mphamvu, imateteza zonse." Botolo alowetsa m'thumba msangamsanga, koma ndaliona, ndi mavitamini. Nditatulutsa fomu, nawonso akumbukira kuti ali ndi maliro.

Potuluka ndauza amayi aja kuti muno mulibe katemera. Andiyang'ana ngati wamisala. Chitenje ndi jumbo, ndani angandimvere?

Fomu ili ndi mabokosi awiri, inde ndi ayi. Bokosi la "amanama" palibe.

Lachinayi

Foni yaikulu yafa. Magetsi kulibe, tsiku lachitatu. Ndikujambula mapu ndi pensulo kuseri kwa kalendala.

Ndadzeranso kumsika, mwina olira aja abwerako. Kiliniki ya kuseri kwa malata tsopano ndi yometera tsitsi. Masiku awiri okha! Benchi yomweyo, makatani omwewo. Ndafufuta. Kumsewu wa ku Chisepo ndapeza makiliniki awiri omwe mwezi watha kunalibe, imodzi ikugulitsanso feteleza. Ndajambula, ndafufuta, ndajambulanso. Pepala labooka.

Masana ludzu landipha. Ndawolokera kwa mwana wanga Tamanda, mphunzitsi wa ku pulaimale, amene akuchita lendi m'nyumba zatsopano zija. Ndimati ndipeza wantchito yekha, koma ndapeza mwini wake, sanapite kusukulu. Mdzukulu wanga Dalitso, wa miyezi khumi ndi umodzi, thupi moto, maso ofiira, chimfine, chifuwa. Ndamutsegula kukamwa. Timadontho toyera m'kati mwa masaya. Ndikuzidziwa izi. Ndinaziona kumapiri kuja, ndinaperekeza nazo ana kumanda.

Ndapempha buku la sikelo. Akatemera oyambirira onse alipo, zilembo zanga zomwe, nthawi imene Tamanda anali pa tchuthi cha uchembere. Pa chikuku palibe kanthu. Tamanda akuti anamubayitsa. Watulutsa kakhadi kachikasu ka kunyumba yobiriwira ija.

Ndakalipa. Ndakalipa mpaka aneba asuzumira pampanda.

Iye wandiyankha motsitsa mawu, mwana ali pamiyendo: "Amayi, sikelo yanu imatseka ine ndisanatuluke m'kalasi. Ndinakuuzani kawiri. Munati mubwera ndi bokosi Loweruka."

Ndinaterodi. Mu Ogasiti.

Lachisanu

Totupa tatuluka, tayambira kuseri kwa makutu kutsikira kumaso. Mwana sakuyamwa, akupuma mofulumira. Bambo ake ali ku geni ku Malomo, foni yawo sikugwira. Minibasi ndakana, mumakhala ana a eni ake. Njinga zamoto ziwiri mpaka ku chipatala cha Mtengowanthenga, Tamanda kutsogolo ndi mwana, ine kumbuyo kumeza fumbi lawo.

Amulandira msanga. Chipinda chayekha, mankhwala, magazi atenga kuti akatsimikize. Namwino akufunsa ngati mwanayu anabayidwa wa chikuku. Tamanda wayang'ana ine. Ndayankha ndine: ayi. Namwinoyo akundidziwa, tinakhalapo limodzi pa maphunziro ena, ine ndikuphunzitsa anzanga za kutsata ana othawa sikelo. Wangolemba. Bola akanatukwana.

Kafoni kanga kalira. A Mbewe: mapu ali pati? Alendo akubwera Lolemba, akufuna kuona madontho pakhoma. Ndawauza za chikuku kutsidya, za bambo wa gauni, za mdzukulu wanga. Apepesa, ndithu apepesa ndi mtima wonse. Kenako: "Koma za chikukuzo ndi fomu ina, mayi. Panopa tithane ndi mapu."

Mapu ake ndi awa:
- a Chimwaza, m'dambo
- yometera tsitsi
- ya feteleza
- nyumba yobiriwira, pa malo opanda dzina
- bowo

Tamanda sakundilankhula. Kapu akundipatsira akuyang'ana kukhoma. Ndakhala pa benchi panja, ndikuwerenga mpweya wa mwana kudzera pazenera, monga ndimaphunzitsira amayi ena.

Loweruka

Dalitso wayamwa pang'ono m'mawa. Ndasiya Tamanda, ndabwerera ku tauni, molunjika kunyumba yobiriwira. Mawu ndakonza njira yonse, ena osayenera pakamwa pa mayi wamvano.

Ndapeza loko. Pakhoma apaka laimu, zilembo zikuonekerabe pansi pake. Mwini nyumba akuti bamboyo anapakira katundu pa ngolo Lachinayi m'mawa. Wina akuti analowera ku Malomo, wina akuti ku Chisepo. Furiji inali ya mwini nyumba. Nkhuku ija inalinso yake.

Ndiye mawu onsewa ndipite nawo kuti?

Za makiliniki ndazisiya. Ndikuyenda khomo ndi khomo kupempha mabuku a ana. Lero magalasi ndavala. Mayi wa ku Chisepo uja wandizindikira, wagwira pakamwa, wayamba kupepesa za mawu aja. Ndamuuza kuti asavutike, sananame. Watulutsa kakhadi kachikasu. Mwana wake ali ndi chimfine, maso ayamba kufiira. Ndamuuza apite lero lomwe, ndipo asadutse naye kumsika. Sindinakalipe. Sindikudziwa ngati wandikhulupirira chifukwa cha zimenezo kapena chifukwa cha mantha.

Nyumba khumi ndi ziwiri, makadi achikasu asanu ndi awiri. Mayina ndikulemba kuseri kwa mafomu a mapu, ndiko kuli malo.

Onse funso ndi limodzi: ndiye katemera weniweniyo mubwera naye liti? Tsiku sinditchulanso. Ndikungoti ndikanena ku ofesi. Mkulu wina wowotcha njerwa waseka mpaka kutsokomola.

Pobwerera ndadzera kwa a Chimwaza, ndawafotokozera zonse. Atsegula furiji yawo, yozizira bwino, yopanda kanthu, n'kuitsekanso. Akuti khonde lawo lilipo tsiku lililonse mpaka madzulo, bola pabwere kalata yowalola. Andiyang'ana chidendene, andimatira thuza lija osandifunsa.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapempha mkulu wa mpingo alengeze kuti ana onse a makadi achikasu abwere ku sikelo mawa. Alengeza pomalizira penipeni, pambuyo pa za njerwa za mpanda ndi za ulendo wa kwaya, anthu atayamba kale kufunafuna nsapato za ana awo pansi pa mabenchi. Ndipo anena kuti makadi ofiira.

Masana kuchipatala. Kutentha kwatsika, totupa tikuda, khungu layamba kufundula. Dalitso wagwira chala changa n'kuchiika kukamwa. Namwino akuti maso ndi chifuwa aziyang'anabe masiku angapo. Bambo ake afika, akhala pakona ndi jumbo ya malalanje, sakudziwa woti amukwiyire. Tamanda wandilankhula: ndimubweretsere sopo ndi chitenje china. Basi. Ndalandira ngati moni.

Madzulo uthenga wa a Mbewe pa foni:
- alendo sabweranso mawa, mapu adikire, mafomu asintha
- foni yaikulu ndibweze ili yamoyo
- za chikuku zafika kwa akuluakulu, Lachiwiri kubwera galimoto ndi katemera, mafuta akapezeka
- mlangizi wa dera la kutsidya alembe lipoti la wodwala woyamba, afotokozenso chifukwa chimene ana a m'dera lake sanabayidwe

Ndawaimbira kuwakumbutsa kuti kutsidya kulibe mlangizi, sanaikeko munthu chiyambire. Akuti n'zoona, koma poti sabata ino ndayendako, ndine.

Ndatenga pepala. Dzina la wodwala, tsiku lobadwa, dzina la mayi ake, zonse ndalemba osagogoda pakhomo la munthu. Pa chifukwa pensulo yaima.

Ndathira madzi otentha m'beseni, ndaviika mapazi. Mawa sikelo iyamba seveni koloko.