Pepala Si Tomato

Lolemba
Aphunzitsi anga a ku Zomba alemba mosapita m'mbali: mutu wachitatu ufike Loweruka, apo ayi dzina langa lifufutidwa pa digiri yachiwiri. Mutuwo ukukamba za buku lakalekale la mlendo woyendera maiko ongopeka, yemwe ponyodola eni maikowo amakhala akunyodola kwawo, komanso za alembi amene anatengera luso limeneli. Dongosolo: kuwerenganso, masiku awiri, kulemba, atatu. Bukulo, limene ndinaitanitsa, lafika. Madamu, amene ndimawalerera ana kuno ku Mirdif, kudziko la Aluya, alilandira atavala magolovesi.

Lachiwiri
Lamulo la nyumba ino: chochokera kunja chipoperedwe mankhwala, kenaka chikhale pakhonde masiku atatu. Ndafotokoza modekha kuti pepala si tomato. Madamu ayankha: "Korona sadziwa kuwerenga, habibti. Khalas." M'chinenero chawo ndiye kuti: wokondedwa, nkhani yatha. Ndikuliyang'anira pawindo, lili chinyowere padzuwa.

Lachitatu
Ndilembe za m'mutu. Koma kompyuta ili ndi ana mpaka masana, sukulu. Ikatero ili ndi bwana, misonkhano. Ndalemba chiganizo chimodzi kuseri kwa lisiti la kugolosale. N'chabwino ndithu, chingosowa umboni.

Lachinayi
Mayi Tembo, Mzambiya wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana, akuitana pampanda: "Imwe asisi, sukulu yanu yambululuka!" Mankhwala ndi dzuwa zamasula guluu, mphepo yatsiriza ntchito. Ndatola chikuto, mawu oyamba, ndi masamba khumi ndi anayi osatsatana. Otsalawo aulukira kunja kwa mpanda, koma kutuluka pageti kumafuna chilolezo cha pafoni. Zifukwa zololedwa: chakudya, mankhwala, chipatala.

Lachisanu
Mayi Tembo atola otsalawo, aponya pampanda m'jumbo. Mulungu awadalitse! Tsoka ilo, Madamu aona. Jumbo lachokera kuti? Kunja. Alipopera, alitsindira ndi mwala pakhonde. Lilowa m'nyumba Lolemba.

Loweruka
Ndapempha sabata imodzi, ndi zifukwa zinayi zondandalikidwa bwino. Yankho la aphunzitsi: "Mayi, kalatayi yakoma kuposa mitu yanu iwiri yoyamba ija. Koma komiti silandira nthano."

Lamulungu
Kuno lero ndi tsiku lantchito, ndipo ana ali kale pakompyuta. Dzina lafufutidwa, ndikafuna, ndidzapemphenso malo chaka chamawa. Madamu aona nkhope yanga, afunsa kuti kodi bukulo limanena zotani. Ndati limanena za munthu amene anapita kutali n'kukapeza anthu a malamulo odabwitsa. Apukusa mutu mwachisoni chenicheni.

"Akanangokhala kwawo," atero, akundipatsira zovala zosita.