Chitsulo Chochirikizira Boneti

Amene akuti ndikunama aimirire, abwere agwire mkono uwu. Ugwireni, musaope. Wafota lero, inde, koma mkono umenewu unagwirapo boneti ya lole masiku atatu osatsitsa, pamsewu wa pakati pa Chintheche ndi Kande, nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili dalaivala wa ku esiteti ya raba.

Inu a masiku ano mumangokoka kachingwe m'kati mwa galimoto, n'kukankha kambedza ndi chala, boneti n'kudzuka ngati chivundikiro cha poto. Yathu ija sinali choncho. Inali yolemera moti poitsegula matayala akumbuyo ankanyamuka, yotakata moti asodzi a ku Tukombo ankaibwereka kuti ayanikepo usipa wa mabwato asanu, ndipo tsiku lina mwera utaizula n'kukaitaya ku Likoma ndinaisambirira ine mwini, n'kubwerako nditakhalapo, ndikupalasa ndi sipanala. Mukumva?

Chitsulo chochirikizira boneti chinalipo, ndi kabowo kake kolowetsamo. Anachizula ndine. Ndinati munthu wa mkono ngati wanga kuchirikiza ndi kachitsulo n'kudzinyoza, ndipo ndinakapatsa mkazi wanga kuti aziwotchera nsomba za batala. Longwe, makaniko wathu, Mtonga wa ku Bandawe amenenso ankaimba ng'oma yaikulu ya malipenga, anandiuza kangapo konse: "Ada, bwezani chitsulo chija. Mkono umatopa." Ine ndinkangomuseka.

Ndiye tsiku limenelo injini inazima dzuwa lili pamutu. Tinadikira kuti izizire, ndinakweza boneti ndi dzanja limodzi, Longwe n'kulowetsa mutu ndi manja m'kati. Mwera unabwera wozula migwalangwa ndi mizu yomwe, ine chigwirire. Mvula inagwa mpaka nsomba za mpasa zinayamba kusambira m'miyendo mwangamu, ine chigwirire. Nkhungu zouluka panyanja zija zinandidzaza m'kamwa mpaka ndinakhuta osadya kanthu, timba anamanga chisa m'khwapa mwanga n'kuikira mazira n'kuswa, chinangwa chinamera pakati pa zala zakumapazi amayi n'kudzakumba n'kukaviika, koma ine osasuntha ngakhale pang'ono. Ndikulumbira pali manda a mayi anga ku Dedza. Mukumva inu?

Chimene mwera unalephera anachita ndi anthu atatu oyenda pansi. Anali aja ofufuza makhadi a chipani. Anaima kumbuyo kwanga, mmodzi n'kunena liwu limodzi lokha, osakweza mawu n'komwe: "Khadi."

Inu simungadziwe. Munthu wopanda khadi masiku amenewo sankalowa mumsika, sankakwera basi, ndipo ena ankatengedwa osabwerako msanga. Khadi ndinali nalo, m'thumba la malaya lotseka ndi batani, ndipo batani limenelo linkafuna manja awiri. Sindinaganize, sindinayang'ane, sindinati "Longwe, chotsa manja," monga amachitira munthu aliyense asanatsitse boneti. Ndinangosiya.

Mutu Longwe anali atautulutsa kale. Dzanja lamanja linali likadali m'mphepete, likufufuza sipanala.

Sanakuwe. Anangondiyang'ana. Anthu aja anaona khadi langa, anati lili bwino, n'kumapita. Ku chipatala Longwe anamudula zala zinayi. Longwe sanagwirenso sipanala, ndipo pa malipenga a chaka chimenecho ng'oma yake anaimba wina, iye ataima kumbuyo kwa anthu, dzanja m'thumba. Mpaka kumwalira kwake ankandipatsabe moni, "Mwe uli, ada," ndipo moni umenewo unkandipweteka kuposa akanakhala kuti wanditukwana. Ndinkafuna andimenye tsiku lina. Sanandimenye.

Chitsulo chija ndinakachitenga kwa mkazi wanga sabata lomwelo. Chili pansi pa bedi langa mpaka lero, chikununkhabe nsomba. Lole inagulitsidwa kalekale, Longwe ali m'manda, palibenso choti chichirikize.

Za ku Likoma ndi za timba tsutsani ngati mukufuna, ine sindisintha mawu. Koma masiku atatu aja, amenewo ndawonjezera, chifukwa munthu wogwira boneti masiku atatu anthu amamukhululukira akaisiya. Ndinaigwira nthawi yosakwana kusuta ndudu imodzi, ndipo mkono uwu unali usanatope n'komwe.