A Odi ndi Tambala Wawo Wopindika Khosi

Mumsewu mwathu aliyense ankadziwa khalidwe la a Odi, wolemba zikwangwani uja: sankatengera luso la mnzawo, ngakhale kamchira ka chilembo, asanakapemphe kwa mwiniwake. Dzinalo linabwera chifukwa chokhalira kuodira m'makomo mwa anthu.

Mayi wa saluni anafuna duwa limene analiona kumbuyo kwa lole. A Odi anatha masabata atatu akufunsa madalaivala.

"Bambo, chikwangwani changa chili kuti?"

"Duwalo lili ndi mwini wake, mayi. Ndikumusakasaka."

Atamupeza wojambula duwalo, mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, inenso ndinangoliona pa diresi la akazi anga!"

A Odi anavula chipewa, n'kupempha kwa diresilo lili pachingwe.

Mwini bekale anabwera ndi pepala la buledi wa mnzake. "Mundijambulire chimodzimodzi, mungosintha mtundu."

"Mbuzi ya mnzako ngakhale uyipake utoto, imalirabe kwawo," anatero a Odi.

Ntchito inapita, ndipo akazi awo anawayankhula ndi msana sabata yathunthu.

Kenako tambala amene iwo anajambulira wogulitsa mazira anatulukira pa makalendala a mayi wina wosindikiza pa kompyuta. A Odi atanyamuka kupita kwa mayiyo, anthu anawalondola, poti lero kuli nkhondo. A Odi anayang'ana kalendalayo, mtima ukuwawa.

"Mwana wanga, kuba mwaba, koma bwanji mwamupinda khosi? Alira bwanji chonchi?"

Anakoka mpando. Iwo akuloza ndi chala, mayiyo akuwongola, mpaka tambala anaima ngati msilikali.

"Tsopano pemphani."

"Ndikupempha, bambo," anatero mayiyo, maso ali pansi.

"Tengani. Dzina langa mulembe m'munsimo, anthu adziwe kwawo kwa nkhukuyi."

A Odi atamwalira m'pamene tinazindikira kuti shopu yawo inalibe chikwangwani. Moyo wonse ankalembera ena. Ojambula anabwera kuchokera kutali, aliyense ndi burashi yake, n'kugawana zilembo za chikwangwani cha shopuyo, wina chofiira, wina chopendekera. Chikwangwanicho n'chosokonekera ndithu, koma mlendo akafika timayamba kumuonetsa chimenecho.

Masiku ano khonde la shopuyo lili zii, fungo la penti linatha. Akazi awo amakhala pamenepo masana, ndipo wodutsa akaima n'kumawerenga, iwo amakonza mpango wawo n'kunena kuti, "Anali amuna anga amenewo."